Mpando wa Nsalu ya Mandimu

Mtembo wa Imelda Barragan unagona pakati pa tebulo lodulirapo nsalu ndi makina osokera, tepi yoyezera idakali m'khosi. Sajeni Loretta Mazur anafika pashopupo Lachiwiri, nthawi ili 10:40 m'mawa. Anakung'untha chipale chofewa kunsapato zake, nalowa, n'kuima pakhomo manja ali m'matumba. Pa zaka zonse zomwe anakhala akufufuza milandu yakupha mu Chicago, anazolowera kuyamba wayang'ana chipinda, womwalira pambuyo.

Shopuyo inali yaing'ono, ya utelala, m'mbali mwa msewu wa Kildare. Chitseko sichinathyoledwe. Ndalama zinali m'kabati, chikwama cha mwini wake chili pampando. Simbi yolemera yositira inali pansi, chingwe chake chitazuka pakhoma. Dokotala wa polisi, yemwe anagwada pambali pa mtembo, ananena osadzutsa mutu kuti mayiyo anamenyedwa kamodzi kunkhongo, pakati pa 7 ndi 9 koloko m'mawa womwewo.

Mazur anazungulira tebulo pang'onopang'ono. Ntchito yonse ya tsikulo inali yoyera: madiresi a ana olandira mgonero woyamba atapachikidwa mzere, lina lili patebulo mapini ali m'mphepete. Koma m'makina munali ulusi wabulauni, wonenepa, wosokera majekete. Ulusiwo sunadulidwe ndi sizasi. Unachita kukokedwa mpaka kuduka, ndipo singano inali itapindika. Pambali pa makina panali kambale kachitsulo, muli maswiti awiri a chifuwa ndi batani limodzi.

Mnzake wa ntchito, Curtis Bellamy, analowa atanyamula foni m'mwamba ngati wapeza chotayika.

"Bwana, lero tiweruka msanga. Wakupha anachita kulemba yekha pa intaneti, dzina ndi chithunzi chake zili pompo."

"Sunga kaye," anatero Mazur. "Wapeza mtembo ndani?"

Anali Noemi, mng'ono wake wa malemu, yemwe ankasoka naye. Anamupeza atakhala m'galimoto ya polisi panja, atafunda bulangete, maso ali gwa. Sanalire. Ananena kuti anafika 10 koloko monga mwa masiku onse, anapeza chitseko chosakiya, magetsi akuyaka. Mazur atam'funsa za kambale kaja, anayankha kuti mkulu wakeyo sankalola chovala chilichonse kufika pansi pa singano asanakhuthule matumba. Kale anathyolapo singano pa ndalama yachitsulo, kachidutswa kanatsala pang'ono kumulowa m'diso. Kuyambira pamenepo chilichonse cha m'thumba la kasitomala chinkayamba chagona m'kambalemo. Za ulusi wabulauni sanadziwe kanthu. Dzulo potseka, m'makina munali woyera.

Kenako anafotokoza za mpando.

Mumzinda uno chipale chikagwa chambiri, munthu amatenga fosholo n'kukumba galimoto yake m'mbali mwa msewu mpaka msana kuwawa. Akamachoka amasiya mpando pamalopo kuti wina asaimikepo. Ena amasiya ndowa, ena tebulo lositirapo, ena njinga ya mwana. Palibe lamulo lomwe linalembapo zimenezi, koma aliyense amadziwa kuti wosuntha mpando wa mnzake amadzapeza tayala laphwa. Mwezi wathawo Imelda anatopa ndi mpando wapulasitiki womwe unkakhala pakhomo penipeni pa shopu yake tsiku lonse, makasitomala ake okalamba n'kumasowa poimika. Anaunyamula n'kuuponya pamulu wa chipale. Wina anam'jambula kanema ali pawindo, n'kumuika patsamba la anthu a m'deralo.

Pofika madzulo anthu osam'dziwa n'komwe anali atalemba kuti shopu yake ndi yauve, kuti amaba nsalu, kuti abwerere kwawo, chonsecho anabadwira misewu itatu kuchokera pomwepo. Mwini mpando anali Kyle Brannigan, wokhoma madenga, yemwe ankakhala pamwamba pa malo ometera tsidya lina la msewu. Iyeyo analemba m'dzina lake lenileni: "Mfiti ya singano iwe, ndidzakusoka pakamwa ndi makina ako omwewo."

Otukwana ena anatopa patapita masiku ochepa. Ndiye panatulukira wina wa dzina lonamizira, Mlonda wa Kildare. Ameneyo sankatukwana. Ankatumiza chithunzi cha chitseko cha kuseri, cha galimoto ya Imelda, cha windo la kunyumba kwake. Tsiku lina analemba kuti sikafu yofiira imamukhala. Lolemba, dzulo lake, analemba mawu awiri okha: "Mawa usatsegule."

"N'chifukwa chiyani simunabwere kupolisi?" anafunsa Mazur.

Noemi anati iye ankanena tsiku ndi tsiku, koma a Pruski ankaletsa. A Wendell Pruski anali dalaivala wa basi wopuma ntchito, kasitomala wakale yemwe mkazi wake anamwalira. Chiyambireni ziopsezo ankabwera m'mawa uliwonse kudzachotsa chipale pakhomo, n'kukhala pafupi ndi chitseko ndi kapu ya khofi. Madzulo ankabweranso kudzaperekeza Imelda kugalimoto. Ankati apolisi amangoseka za pa intaneti, ndipo kuwauza kungakwiyitse wopengayo. Koma Lolemba Imelda ananena kuti wakwana, mawa lake apita kukadandaula.

"Ndiye lero a Pruski anali kuti?"

"Bondo. Ndinawaimbira nditangoitana inuyo. Akuti lawatupira, sanatuluke m'nyumba. Analira kuposa ine." Noemi anayang'ana tsidya la msewu. "Tsiku limodzi lokha lomwe sanabwere. Uja ankadikira pawindo."

Kyle Brannigan apolisi anam'tenga masana omwewo, ali m'tulo. Wometa tsitsi wa pansi pa nyumba yake anali atauza kale Bellamy kuti Lolemba madzulo anamuona akumenya chitseko cha shopu ndi nsapato, akutukwana. Dzanja lake lamanja linali lomanga bandeji. M'chipinda chofunsira mafunso anakhala chotambalala.

Sanakane kuti analemba. Anati mpandowo unali wa mayi ake. Anati nthawi yozizira madenga sakhoma, ndiye munthu umangokhala ndi foni ndi mowa. Dzanja anati anadzicheka potsegula chitini.

"Kulemba ndi mlandu? Dziko lino ndi laufulu, mayi."

"Ufulu ulipo, achimwene," anatero Mazur. "Mukanalemba kuti amasoka mokhota, bwenzi pano ndikukupatsani khofi. Mukanathera pa mfiti, ndikanangoti mulibe khalidwe. Koma inu munatchula munthu, munatchula chomwe mudzam'chite, kenako munapita kukamenya chitseko chake kuti adziwe kuti simukuseka. Pamenepo mawu anasiya kukhala mawu."

"Anandichititsa manyazi pamaso pa msewu wonse."

"Pa mpando wapulasitiki."

"Inuyo simunakumbepo galimoto?"

Kunyumba kwake Mazur nayenso anali atasiya kabokosi ka mabotolo mumsewu m'mawa womwewo. Anam'funsa komwe anali pakati pa 7 ndi 9 koloko. Kyle anati anali mtulo. Yekha. Palibe anamuona. Bellamy anam'kankhira foni yoonetsa mauthenga a Mlonda wa Kildare, ndipo Kyle anawawerenga akusuntha milomo. Atafika pa chithunzi cha windo la kunyumba anakankha foniyo ngati yotentha.

"Ayi, aise. Uyu si ine. Ine ndikakwiya ndimakuwa, aliyense amandimva. Uyu ndi wodwala."

"Mayi uja wafa, Kyle," anatero Bellamy. "Wafera pafupi ndi makina omwe iwe unatchula."

 Kyle anafunsa chapansipansi kuti zimenezi ndi zaka zingati. Bellamy anamuuza kuti wakupha mwadala, amene anayamba waopseza, kawirikawiri satulukanso. Kyle anati ali ndi mwana wamkazi yemwe amam'tenga Loweruka lililonse. 

Pakhonde la ofesi Bellamy anawerengera zomwe anali nazo: chiopsezo, mboni ya chitseko, dzanja lovulala, ndiponso munthu wopanda womuikira umboni. Loya wa boma ankafuna kutsegula mlandu wakupha Lachinayi m'mawa. Kuti kampani ya tsambalo iulule mwini dzina la Mlonda pankafunika chilolezo cha khoti ndi milungu ingapo yodikira. Pofika nthawi imeneyo nkhope ya Kyle ikanakhala itazungulira mzinda wonse.

"Ndiye ulusi wabulauni?" anafunsa Mazur.

"Ulusi ndi ulusi, bwana. Ndi telala."

"Mayi uja ankaopa mthunzi wake womwe, uthenga ukuti usatsegule, iye n'kutsegulira Kyle chitseko, n'kumuvula jekete kuti amusokere? Tiye tikaone bondo."

A Pruski ankakhala pa msewu wa Tripp, m'kanyumba ka njerwa, mtunda woti munthu wa bondo sangayende wapansi m'chipale. Galimoto yawo yakale yabuluu inali pakhomo, pamalo okumbidwa bwino kuposa ena onse mumsewuwo. M'mbali munali mowongoka ngati modulidwa ndi mpeni. Pakhonde panali mpando wachitsulo wopinda, wobiriwira, pokhalira pake posokedwa ndi nsalu yoyera ya zithunzi za mandimu.

Anawatsegulira bambo wamtali wa imvi, maso ofiira, ndodo ili m'manja. Anawalowetsa kukhitchini, nawathirira khofi asanafunse ngati akufuna. Anati Imelda anali munthu wabwino kuposa onse omwe anawadziwapo chimwalirireni akazi awo. Anati akanakhala kuti anapita m'mawawo, bwenzi ali moyo. Za Brannigan anati anachenjezapo Imelda kawiri. Mazur anafunsa ngati galimoto yayendapo tsikulo, ndipo iwo anati chiimikireni Lolemba madzulo sinasunthe. Chipale chitaleka cha m'ma 9 koloko anangotuluka kukaisesa pamwamba, chifukwa dalaivala sasiya galimoto itafunda chipale, bondo kaya bondo.

"Mpando wokongola uli pakhondewu," anatero Mazur.

A Pruski anamwetulira koyamba. Anati Imelda ndi amene anawasokera pothokoza. Nsaluyo inali yotsala pa makatani a kasitomala wina.

Anawaperekeza mpaka pakhonde atavala juzi yokha, mphepo ikucheka makutu. Mazur anafunsa ngati alibe jekete. Anati zaka zonse zotsegula ndi kutseka chitseko cha basi zinawalimbitsa khungu. Chitseko chitatsekedwa, Mazur anagwada mumsewu n'kusuzumira kunsi kwa galimoto. Kunali chipale chopyapyala, chosalala, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Kunsi kwa galimoto yoyandikana nayo phula linali lakuda, louma.

"Mphepo imalowetsa," anatero Bellamy. "Loya aliyense adzanena zimenezo."

"Mphepo yosankha galimoto."

"Bwana, mdala uja sangaphe ngakhale mphemvu. Ndipo aphere chiyani munthu amene ankam'londera?"

 Mazur anali ndi ulusi, juzi ndi chipale cha kunsi kwa galimoto, zinthu zoti woweruza angazipeme n'kuuluka.

Lachitatu m'mawa anakhala pa desiki ndi kutsegula tsamba la anthu a m'dera lija. Bellamy anali atakopera kale ziopsezo zonse, koma Mazur ankafuna kuona malo omwe zinamera. Anawerenga zonse: za galu wotayika, za mkangano wa zinyalala, za mayi wogulitsa makina ochapira. Pakati pa zimenezi ankangokumana ndi dzina la Odessa Tate. Mayiyu ankajambula zinthu zomwe anthu asiya mumsewu posunga malo, tsiku lililonse chimodzi, n'kuzipatsa malikisi ngati mphunzitsi. Tebulo lositirapo linapeza asanu ndi awiri pa khumi. Chidole cha chimbalangondo chomangidwa pa ndowa chinapeza atatu, ati chifukwa cha nkhanza. Mazur anaseka yekha, natsikira m'munsi.

Cha Lachiwiri chinali mpando wachitsulo wobiriwira, utaima pakati pa malo okumbidwa mowongoka, opanda galimoto. Chipale chinali chitakuta pokhalira, koma m'mphepete mandimu ankaoneka. Pansi pake panalembedwa kuti: "Wa lero wavala bwino kuposa ine. Asanu ndi anayi."

Odessa Tate anali namwino. Mazur anam'peza pa nthawi yopuma, akudya buledi ataimirira. Anati amadutsa pa Tripp wapansi popita kukakwera basi, ndipo mpando umenewo ankauona m'mawa uliwonse koma ankausunga kuti adzaujambule tsiku lomwe kukugwa chipale, mandimu aoneke bwino. Anatsegula chithunzicho m'foni mwake. Foni inasunga nthawi: 7:52. Kumbuyo kwa mpando kunkaoneka khonde la njerwa ndi nambala ya nyumba.

"Ndalakwa? Mwini wake wadandaula?"

"Ayi, mayi," anatero Mazur. "Malikisi ake mwaumana amodzi chifukwa chiyani?"

"Mwendo umodzi ndi wadzimbiri."

Masana a tsikulo Mazur ndi Bellamy anabwerera ku Tripp ndi chilolezo chofufuza m'nyumba ndi m'galimoto, chigalimoto chokokera chili pambuyo pawo. A Pruski anawalandira ndi juzi yomwe ija. Mazur anawakhazika kukhitchini, nawauza ufulu wawo wokhala chete ndi woitana loya. Iwo anati munthu wosalakwa safuna loya. Bellamy anatsikira kuchipinda cha pansi. Mazur anaika foni patebulo, chithunzi chili poyera.

"Bambo Pruski, mpando uwu ndi wa yani?"

"Mukuudziwa. Ndi wanga."

"Galimoto ikakhala pamalo pake, mpando umakhala kuti?"

"Pakhonde."

"Ndiye ukatsikira mumsewu?"

A Pruski anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anati mwina ndi cha tsiku lina. Mazur anawaonetsa nthawi ndi tsiku, nawakumbutsa kuti sabata yonseyo chipale chinagwa Lachiwiri m'mawa mokha. Anati mwina anapita kogula mankhwala a bondo, anaiwala. Mazur anafunsa dzina la sitolo. 

Bellamy anakwera masitepe atanyamula thumba la zinyalala. Anatulutsamo jekete labulauni lansalu yolimba, naliyala patebulo pakati pa makapu. Thumba lakumanja linali losokedwa theka, mzere wowongoka bwino, kenako ulusi wautali ukulendewera. Batani limodzi panalibe. Pamkono panali timadontho takuda. M'thumba la zinyalala lomwelo munali foni yachiwiri, yotsika mtengo, yozimitsa.

"Maswiti anu munasiya m'kambale," anatero Mazur. "Foni ndi yomwe munakumbukira."

A Pruski anaika ndodo yawo pansi mosamala, ngati ingasweke. Kenako anayamba kulankhula, ndipo Mazur sanawadule.

Anati tsiku lomwe kanema uja anatuluka anapita kushopu kukatenga buluku lawo, n'kupeza Imelda akunjenjemera. Anakhala naye mpaka madzulo. Mawa lake anapitanso. Kwa nthawi yoyamba chisiyireni ntchito ankadzuka m'mawa akudziwa kopita, ndipo kumeneko kunali munthu yemwe nkhope yake inkamasuka akawaona pakhomo. Koma anthu a pa intaneti sachedwa kutopa. Patangopita masiku ochepa anapeza wina wom'tukwana, ndipo Imelda anawauza mwaulemu kuti zatha, asamavutikenso ndi bondo lawolo. Anawapatsa mpando uja atausokera nsalu, ngati kutsazika. Tsiku lomwelo iwo anagula foni yachiwiri.

"Sindinam'tukwanepo ngakhale kamodzi," anatero. "Muwerenge. Palibe mawu oipa."

"Ndawerenga. Mawu a Brannigan anam'kwiyitsa. Anu ndi amene anam'letsa kugona."

Anati uthenga wa Lolemba anautumiza atamva kuti Imelda akufuna kupita kupolisi. Ankaganiza kuti achita mantha, akhala kunyumba, awaimbira foni. Koma Lachiwiri Imelda anatsegula msanga kuposa masiku onse, ndipo iwo anafika nthawi ya 7 itangokwana. Anam'peza wolimba mtima. Anawauza kuti usikuwo anaganiza zoti asanapite kupolisi amuyankhe Mlondayo kamodzi kokha. Ali mkati molankhula anaona kuti thumba la jekete lawo lang'ambika, nawauza kuti avule. Anakhuthula za m'thumba lakumanja m'kambale monga mwa chizolowezi chake, nasintha ulusi, nayamba kusoka. Ali pakati anaima, natenga foni yake, nalemba zomwe ankafuna kulemba, n'kutumiza.

M'thumba la mkati la jekete lomwe linali pansi pa singano, foni inalira.

"Anadzikalipira yekha," anatero a Pruski. "Anati, taonani ine, ndaiwala thumba la mkati. Anaitulutsa kuti aiike m'kambale. Mawu ake omwe anali akuwala pagalasi."

Anati Imelda sanakuwe. Anawerenga, nawayang'ana, nafunsa ngati chithunzi cha windo la kunyumba anajambula usiku womwe anam'perekeza n'kumuuza kuti akhome bwino. Iwo anayesa kufotokoza. Iye anati sapitanso kupolisi kokha. Ayamba walemba patsamba lomwelo, ndi dzina lawo lenileni ndi chithunzi chawo, kuti msewu wonse udziwe mlonda wake. Anatembenuka kuti atenge foni yake. Simbi inali pafupi ndi dzanja lawo.

"Ndinaona zomwe anthu aja anam'chita chifukwa cha mpando," anatero. "Nanga ine akanandichita zotani? Ndakhala mumsewu uno moyo wanga wonse. Ana omwe ndinkawanyamula pa basi ndi amene ali patsambalo."

Anatenga foni zonse ziwiri, nakoka jekete pansi pa singano mpaka ulusi kuduka. Ya Imelda anaiponya mu ngalande. Pofika kunyumba anali atakumbukira kuti kuli Brannigan, yemwe analemba kale zonse zofunika m'dzina lake.

"Mukanam'siya afere kundende?" anafunsa Bellamy.

A Pruski anayang'ana makapu. Anati Brannigan ndi amene anayambitsa.

Mazur anaimba foni kwa loya wa boma ali pomwepo. Anati mlandu wakupha usalembedwe pa Kyle Brannigan. Wa kuopseza ukhale, ndipo akauyankhe kukhoti ngati wina aliyense, koma Loweruka likubwerali akhoza kukatenga mwana wake. Atadula, anatsala ndi funso limodzi lomwe linkamuvuta chionereni chithunzi chija.

"Bambo Pruski, munaganiza za foni, za jekete, za bondo. Munasesa ndi galimoto yomwe. Koma m'mawa uja mukunyamuka munkadziwa kuti mwatumiza uthenga woti asatsegule. Simunaganize kuti tsiku limenelo ndi bwino msewu usadziwe kuti mwachoka?"

A Pruski anamuyang'ana ngati wafunsa zachibwana.

"Mayi, malo amenewo ndinakumba ndekha, ndi bondo ili. Ndikanawasiya pululu?"

Anatuluka nawo ali ndi unyolo m'manja, Bellamy atawafunditsa jekete lake. Chigalimoto chokokera chinali chitakweza kale galimoto yabuluu, ndipo chinanyamuka pang'onopang'ono, kusiya malo aja ali oyera, m'mbali mowongoka. A Pruski anaima pamasitepe. Anayang'ana malowo, nayang'ana mpando pakhonde, kenako Mazur.

"Simungangouika pamenepo?"

"Uwu ndi umboni," anatero Mazur. Anaupinda, naukolekera m'khwapa.

Asanafike n'komwe pa galimoto ya polisi, kagalimoto kofiira kanatulukira pakona. Kanachepetsa liwiro. Woyendetsa anasuzumira kumanzere ndi kumanja kufunafuna mpando, ndowa kapena chidole. Sanaone kanthu. Anabwerera chambuyo n'kulowa bwinobwino, kamodzi kokha, nazimitsa injini.